Nsungwi pakamwa, chitenje paphewa: tsiku limodzi ku MCM Comic Con ya ku London

Nkhaniyi inayamba ndi nsungwi. Madzulo ena mu Seputembala 2024, nditangofika kuchokera kuntchito, mwana wanga wamkazi wa zaka 16 anandichingamira pakhomo, chinthu chimene anali atasiya kalekale, nandifunsa ngati ndingamupezere kachidutswa ka nsungwi konenepa, kotalika ngati chikhatho. Ndinadabwa. Kwathu ku Dedza ndikanangozungulira kuseri kwa nkhokwe ndi chikwanje, koma muno mu Luton nsungwi yotero ndikanaitenga kuti? Nditamufunsa ntchito yake, anayankha mosaseka n'komwe kuti akufuna kukaimangirira pakamwa tsiku lonse mumzinda wa London, pamaso pa khamu la anthu.

Ndiyambe ndaulula kuti kwa zaka ziwiri mwanayu anali ngati mlendo m'nyumba mwathu. Akaweruka kusukulu ankangolonjera mwachidule, n'kulowa kuchipinda kwake, n'kutseka chitseko kuti gwa. Chimene tinkamva kuseri kwa chitsekocho ndi mawu a chilankhulo chachilendo, kukuwa, kulira kwa malupanga ndi nyimbo zosadziwika. Ine ndimagwira ntchito masana, mayi ake amagwira usiku kunyumba yosamalira okalamba, choncho tinkadzitonthoza kuti bola mwana ali m'nyumba, sakuyendayenda m'misewu. Ndikudziwa kuti vutoli si lathu lokha. Tikakumana pa maliro, pa zinkhoswe kapena pa chikondwerero cha pa 6 Julayi, dandaulo la "makatuni a ku Japan" silisowa pakamwa pa makolo. N'chifukwa chake ndaganiza zokufotokozerani, abale anga, zimene ndinaona ndi maso anga nditaperekeza mwana wanga kumene anthu okonda zinthuzi amasonkhana.

Msonkhanowo umatchedwa MCM Comic Con. Unayamba m'chaka cha 2002 ndipo umachitika kawiri pachaka, mu Meyi ndi mu Okutobala, kuyambira Lachisanu mpaka Lamlungu, m'chinyumba chachikulu cha ExCeL London chimene chili m'mbali mwa doko lakale la Royal Victoria, kum'mawa kwa mzindawu. Ambiri mwa inu, makamaka amene mumagwira ntchito zachipatala, mukukumbukira kuti chinyumba chomwechi ndi chimene boma linachisandutsa chipatala cha Nightingale m'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utavuta. Pamasiku atatu a msonkhanowu pamalowa anthu oposa 100,000. Mu Okutobala 2024, pamene ife tinapita, anauphatikiza ndi chionetsero cha masewero a pakompyuta chotchedwa EGX, moti chigulu cha anthu chinali chosaneneka.

Mayi ake atamva dzina la kanema amene mwanayo ankafuna kukavalira, anakana kwamtuwagalu. Dzina lake ndi Demon Slayer, kutanthauza wopha ziwanda, ndipo mtsikana amene mwana wathu ankafuna kufanana naye, Nezuko, iye mwini ndi chiwanda. "Bambo, mwana wanga ine avale ngati chiwanda? Tinawolokera nyanja zimenezo?" Amayi ena a kumpingo kwathu atamva anakolezera nkhaniyo, mpaka mauthenga a pa WhatsApp anayamba kufika onena kuti zonsezi n'zausatana. Sindikuwaseka amayiwa ayi. Mantha awo ndi a kholo lililonse limene likulera mwana pakati pa miyambo imene silikuimvetsa. Koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinapempha mayi ake kuti tisanagamule mlandu, tiyambe taonera kanemayo ife eni ake, mwanayo atakhala pomwepo.

Mnyamata wogulitsa makala

Nkhani yake ili chonchi. Ku Japan wa zaka za pakati pa 1912 ndi 1926, mnyamata wina dzina lake Tanjiro akukhala paphiri pamodzi ndi mayi ake ndi abale ake aang'ono asanu. Bambo awo anamwalira, ndipo iye ndi amene akudyetsa banja pogulitsa makala. Tsiku lina watsikira kumudzi ndi katundu wake kumsana, kwamudera, wagona konko. Pobwerera m'mawa wapeza kuti chiwanda chapha banja lonse. Watsala ndi mlongo wake mmodzi yekha, Nezuko, koma nayenso wasandulizidwa chiwanda. Anthu akuti aphedwe, iye akukana. Nsungwi ija amamumangirira pakamwa kuti asalume munthu, ndipo poti dzuwa limapha ziwanda, mnyamatayo amamubereka m'bokosi lamatabwa kumsana, kuyenda naye dziko lonse kufunafuna njira yomubwezera umunthu wake.

Titafika pamenepo ndinaona mayi ake akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Iwo sukulu ya sekondale anaimaliza chifukwa cha mlongo wawo amene ankakankha njinga ya matumba a makala kupita nawo ku Lilongwe. Sananene kanthu usiku umenewo, koma m'mawa mwake ndinapeza atatsitsa makina osokera amene anakhala zaka pamwamba pa wodiropu.

Ndisakunamizeni kuti kanemayu ndi nthano yogonekera ana. Muli magazi ambiri, mitu imadulidwa, ndipo filimu yake ya 2020, Mugen Train, bungwe loona za mafilimu muno mu Britain linaiika pa msinkhu wa zaka 15. Filimu yomweyo ndi imene inapeza ndalama zambiri kuposa ina iliyonse padziko lonse m'chaka chimenecho. Apa ndi pamene pali cholakwa chachikulu chimene makolofe timachita. Tikaona zojambulajambula timaganiza kuti n'za ana a zaka zisanu, kenaka tikaona magazi timalumphira kwina n'kunena kuti n'zausatana. A ku Japan saziona choncho. Kwa iwo mabuku a nkhani zojambula, amene amawatcha manga, ndi makanema ake, amene amawatcha anime, ndi njira chabe yofotokozera nkhani, ngati mmene ilili wailesi kapena sewero. Alipo a anyamata, otchedwa shonen, alipo a atsikana, otchedwa shojo, ndipo alipo a akuluakulu okhaokha, ena mwa iwo olaula ndithu. Mabukuwa amawerengedwa kuyambira kumene ife timati kumapeto, kuchoka kumanja kupita kumanzere. Mwambowu si wadzana. Osamu Tezuka anaika Astro Boy pa wailesi yakanema m'chaka cha 1963. Akira Toriyama, amene anamwalira mu Malichi 2024, anayamba Dragon Ball mu 1984, ndipo One Piece ya Eiichiro Oda, imene inayamba mu 1997, yagulidwa mabuku oposa 500 miliyoni. Filimu ya Hayao Miyazaki yotchedwa Spirited Away inalandira mphoto ya Oscar mu 2003. Zonsezi ndinaziphunzira kwa mwana wanga m'masabata atatu, ndipo m'masabata amenewo anandilankhula mawu ambiri kuposa m'chaka chonse cham'mbuyo.

Kuvala ngati munthu wa m'kanema kapena wa m'sewero la pakompyuta amakutcha cosplay, mawu amene anthu a ku Japan anawalumikiza m'zaka za m'ma 1980 kuchokera ku mawu awiri Achingerezi otanthauza chovala ndi sewero. Zovalazi zimagulitsidwa pa intaneti, koma ulemu waukulu umapita kwa amene wasoka yekha. Mayi ake anasoka kimono yapinki ndi lamba wamandalasi ofiira ndi oyera. Ine ndinapatsidwa ntchito ya nsungwi. Ndinadula kapaipi kapulasitiki, n'kukapaka utoto wobiriwira, n'kujambulapo mfundo zake, ndipo manja anga anakumbukira masiku amene tinkapinda mawaya kupanga magalimoto. Chinatsala ndi chovala chapamwamba, chimene amachitcha haori. Nezuko amavala chakuda mofiirira, koma nsalu imene tinaitanitsa inafika yopyapyala ngati neti ya udzudzu. Mayi ake anatsegula sutikesi natulutsa chitenje chofiirira cha maluwa achikasu chimene agogo ake a mwanayo anatipatsa titapita kumudzi.

Mwana anakana. Poyamba anati sichikufanana ndi cha m'kanema. Titamuumiriza analira, ndipo chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga chinadziwika. Anationetsa pafoni pake zithunzi za atsikana akuda amene anavalapo ngati Nezuko, ndi ndemanga zimene anthu ena osadziwika anawalembera pansi pake: akuti Nezuko si wakuda, akuti awononga kanemayo, ndi mawu ena amene sindingawalembe pano. "Adadi, khungu lokhali andinena kale. Ndiye ndiwonjezerepo chitenje?" Zaka ziwiri zonsezo ine ndinkaopa ziwanda za m'kanema, osadziwa kuti mwana wanga akulimbana ndi anthu enieni, yekhayekha kuseri kwa chitseko. Sitinamukakamize. Chovalacho chinasokedwabe, ndipo tinagwirizana kuti achinyamule m'chikwama, akaone yekha pofika.

Ku Custom House

Loweruka m'mawa tinakwera sitima ku Luton, n'kusintha pa Farringdon kulowa ya Elizabeth line imene imakatula pa Custom House, pakhomo penipeni pa ExCeL. Siteshoni iliyonse inkatiwonjezera zodabwitsa. Analowa anyamata atatu ovala zalalanje ngati Naruto, kenaka bambo wina wamkulu ndithu wa chipewa chamlaza cha Luffy wa mu One Piece, kenaka mayi ndi kamwana kake onse atavala ngati Pikachu. Azungu opita kuntchito sanadzutse n'komwe maso pa mafoni awo. Pofika pa Custom House munthu wooneka zachilendo m'chipinda chonsecho ndinali ine, ndi jekete yanga yopitira kutchalitchi.

Pakhomo panali mzere wautali wokhotakhota, koma woyenda mwadongosolo. Matikiti tinali titagula kale pa intaneti, ndipo ndikulangiza aliyense kutero, chifukwa a Loweruka amatha msanga. Alonda amasecha zikwama, ndipo aliyense wonyamula lupanga kapena mfuti yachidole amapita nayo pa tebulo lapadera kuti aione. Zachitsulo chakuthwa saloleza. Malupanga akuluakulu amene ankandiopsa m'sitima muja nditawagwira ndinapeza kuti ndi a thovu lolimba lija amayala pansi pochitira masewero olimbitsa thupi, lopakidwa utoto mwaluso kwambiri.

Ine wa ku Dedza nditaona nkhope zobisika, nthenga ndi zinyama zoyenda ndi miyendo ya anthu, maganizo anathamangira kudambwe. Koma kufananako n'kwa pamaso pokha. Gule ali ndi mizimu yake, chinsinsi chake ndi mwambo wake, ndipo wovina satchulidwa dzina. Kuno munthu amavula chigoba pamaso pa onse, n'kuluma sangweji, n'kukupatsa dzina lake la pa Instagram. Palibe chimene akupembedza. Ndi anthu osoka, osema ndi opaka utoto amene abwera kudzaonetsana ntchito za manja awo. Ndinacheza ndi mayi wina wachizungu wa msinkhu wanga amene anandiuza kuti mkati mwa sabata ndi namwino, ndipo mapiko amene anavala anamutengera miyezi inayi.

M'kati mwa holo munali kozizira, ndipo mwana wanga, kaya chifukwa cha kuzizirako kaya chifukwa choona kuti atsikana akuda ovala zamitundumitundu analipo ambiri, anatulutsa chovala chachitenje chija n'kuchiponya paphewa. Sipanathe mphindi khumi, panabwera mnyamata wa makolo a ku India atavala jekete yamandalasi obiriwira ndi akuda ya Tanjiro, bokosi lili kumsana. Anapempha mwana wanga ngati angajambulitse naye chithunzi, kenaka anatembenukira kwa ine n'kupemphanso. Ili ndi lamulo la pamalopo ndipo lalembedwa pa zikwangwani: kuvala chovala sikupereka chilolezo choti munthu akugwire kapena kukujambula osapempha. Atatha kujambula anafunsa za nsaluyo. Mwana wanga anatsitsa nsungwi ija pakamwa nati imeneyi imatchedwa chitenje, ndi ya agogo ake a ku Malawi. Analitchula bwinobwino liwulo, mosalipinda Chingerezi. Tsiku limenelo anajambulidwa kambirimbiri, ndipo funso linali lomwelo, yankho lomwelo. Palibe amene anamunena za khungu.

Sindikunena kuti nkhani ya khungu kulibe kumeneko. M'chaka cha 2019 mpikisano wa EuroCosplay, umene ndime yake yomaliza inkachitikira pa msonkhano womwewu, unaletsa chovala cha woimira dziko la France chifukwa chinali ndi khungu lakuda lochita kuvala, pofanizira munthu wakuda wotchedwa Pyke wa m'sewero la League of Legends. Mkangano unali waukulu. Mfundo imene ambiri amagwirizana masiku ano ndi yakuti munthu avale chovala cha wina aliyense amene akumukonda, koma khungu akhale nalo lake.

Chakumasana tinakumana ndi bambo wina wakuda wamtali atavala zida zankhondo za asamurai. Ndinaganiza kuti nayenso wangosankha munthu wa ku Japan, koma mwana wanga anandikonza. Ameneyo anali Yasuke, ndipo Yasuke anakhalakodi. Anali munthu wa ku Africa amene anafika ku Japan m'chaka cha 1579 pamodzi ndi wansembe wa chipani cha Ajezuiti wa ku Italy, Alessandro Valignano. Mu 1581 anaonekera pamaso pa Oda Nobunaga, mtsogoleri wankhondo wamphamvu kuposa onse panthawiyo, amene poyamba sanakhulupirire kuti khungulo n'lachibadwa ndipo analamula kuti amusambitse. Atatsimikiza anamutenga kukhala wake, namupatsa nyumba, malipiro ndi lupanga lalifupi. Yasuke analipo mu Juni 1582 ku kachisi wa Honno-ji mumzinda wa Kyoto pamene Nobunaga anaukiridwa ndi kazembe wake yemwe, Akechi Mitsuhide, n'kufera pomwepo. Wansembe wina wa ku France, François Solier, analemba m'chaka cha 1627 kuti munthuyu anachokera ku Mozambique. Netflix inatulutsa anime ya dzina lake mu 2021, ndipo mu 2025 kampani ya Ubisoft inamuika kukhala mmodzi mwa anthu awiri akuluakulu a m'sewero la Assassin's Creed Shadows, zimene zinautsa mapokoso ena pa intaneti. Kwathu ku Dedza malire a Mozambique ali kutsidya kwa msewu chabe, koma mbiri imeneyi ndinakaimvera ku London, kwa mwana wovala nsungwi.

Kodi zimenezi zimadyetsa?

Mbali imene inandigwira mtima kwambiri si ya masitolo akuluakulu ayi, koma mizere ya matebulo ang'onoang'ono kumene ojambula amagulitsa ntchito zawo: zithunzi, timabuku todzisindikizira okha, tizikwangwani tomata. Mwana wanga anathera pamenepo maola awiri ndi ndalama zonse zimene ndinamupatsa. Ndinamvetsa chifukwa chake ataima pa tebulo la mtsikana wina wa makolo a ku Nigeria, natulutsa m'chikwama kabuku kamene sindinakaonepo. Munali zojambula zake, masamba odzaza, zina za Nezuko, zina za anthu amene ndinawazindikira: mayi ake atagona pampando ndi yunifolomu, ine ndikuwerenga kalata ya khonsolo nkhope itakwinyika. Mtsikana uja anatsegula tsamba ndi tsamba, nayamikira apa, nadzudzula apo kuti manja sakukhala bwino.

Chaka chimenecho mwana wanga anali kukonzekera mayeso a GCSE, ndipo kunyumba nkhani inali yogamulidwa kale: adzatenga sayansi, adzakhala dokotala kapena wa zamankhwala. Ife amene tinasiya kwathu n'kumatsuka okalamba a eni dziko sitinachite zimenezo kuti mwana adzajambule makatuni. Choncho ndinamufunsa mtsikana uja mosapsatira, mwana wanga akundikoka jekete ndi manyazi, ngati ntchito imeneyi imalipira lendi. Anaseka nati ayi, tebulolo limangobweza ndalama yake ndi kakang'ono pamwamba. Lendi imachokera ku ntchito yake ya mkati mwa sabata, yojambula zinthu za m'masewero a pafoni pa kampani ina. Ndinamuthokoza chifukwa chonena zoona.

Kuholo ya masewero ndinaona mbali ina ya yankho lomwelo. Ife tinakula opanda wailesi yakanema, poti ya dziko lathu inayamba mu 1999, ndipo zimene tinkadziwa ndi mafilimu a Bruce Lee m'timanyumba ta vidiyo. N'chifukwa chake masewero a pakompyuta timawaona ngati chibwana. Koma kampani ya Nintendo, mwini wake wa Mario, inayamba m'chaka cha 1889 ku Kyoto ikupanga makadi osewerera, ndipo Britain yemweyu ndi mmodzi mwa akatswiri pa malondawa. Tomb Raider anapangidwira ku Derby mu 1996, Grand Theft Auto ku Dundee mu 1997, ndipo m'chaka chomwecho yunivesite ya Abertay mumzinda womwewo inayamba kupereka digiri ya zopanga masewerowa. Pamatebulo ena panali timagulu ta anthu awiri kapena atatu tikuonetsa masewero amene tapanga tokha, n'kumapempha odutsa kuti ayese anene maganizo awo. Kwathu komwe kuno zikuyamba: Supa Team 4, kanema wa atsikana anayi a mumzinda wa Lusaka amene Netflix inatulutsa mu 2023, anamuyambitsa ndi mayi wa ku Zambia, Malenga Mulendema. Komabe sindikufuna kunamiza kholo lililonse. N'zodziwika kuti ojambula ambiri a anime ku Japan komweko amagwira maola ochuluka pa malipiro ochepa, ndipo m'zaka za 2023 ndi 2024 makampani a masewero anachotsa antchito zikwizikwi. Njirayi ilipo, koma si yosalala.

Pakona ina anaika makina akale. Mwana wanga anandikhazika pa Street Fighter II, sewero la 1991, nandigwetsa katatu motsatizana ndisanadziwe n'komwe batani lomenyera. Ndinamuuza kuti tikafika kunyumba tikayese bawo.

Kwa makolo amene mwana wawo akupempha ulendo ngati umenewu, mawu anga ndi akuti pitani naye, makamaka ulendo woyamba. Nyamulani chakudya ndi madzi, valani nsapato zofewa, ndipo gwirizanani malo okumanirana mukasochererana, chifukwa pa chigulu chotere foni imavuta kugwira. Mupatseni ndalama yowerengeka m'manja, osati khadi lanu. Pali mabokosi otseka amene umagula osadziwa chili m'kati, pali anthu otchuka amene siginecha yawo yokha ndi yolipira, ndipo mwana akhoza kumaliza malipiro anu a sabata dzuwa lisanapendeke. Pamatebulo ena pamakhala zithunzi ndi zidole zosayenera ana, ndipo zovala zina n'zoti kwathu munthu sangatuluke nazo pabwalo. Ine ndinaona zonsezi, ndipo ndinakondwa kuti ndinali pomwepo kuti tikambirane m'malo moti azione yekha. Kunyumba, yang'anani nambala imene ili pa chikuto cha sewero lililonse: 3, 7, 12, 16 kapena 18. Kuyambira 2012 ndi mlandu muno kugulitsa sewero la 12, 16 kapena 18 kwa mwana wosafika msinkhuwo, koma lamulo silingakuthandizeni ngati wogula ndinu. Grand Theft Auto ndi wa 18, ndipo ndamuonapo m'nyumba za abale athu akuseweredwa ndi ana a ku pulayimale. Nkhani ya maola nayonso ndi yeniyeni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kukomedwa ndi masewerowa mpaka kusiya sukulu, tulo ndi anthu ndi matenda ofunika chithandizo.

Chimene chinandipweteka ndinachisunga mpaka m'sitima pobwerera. Tsiku lonse ndinamva mwana wanga akuponya mawu Achijapani. Makanemawa amawaonera m'chilankhulo chake chenicheni, n'kumawerenga Chingerezi pansi, ndipo anadziphunzitsa yekha zilembo 46 za hiragana. Anandifotokozera mwachidwi kuti ku Japan sungatchule munthu wamkulu dzina lokha popanda kuwonjezera "san" kumapeto, kuti mwana amaitana mkulu wake ndi mawu aulemu, kuti polonjera amawerama. Ndinamufunsa kuti nanga "a" amene timaika patsogolo pa dzina la munthu wamkulu ndi chiyani? Nanga kunena "inu" kwa munthu mmodzi? Nanga kugwada popereka madzi, kumene amati n'kwachikale? Anakhala chete mpaka tinadutsa siteshoni ziwiri. Kenaka anati Chijapani anachiphunzira chifukwa chinabwera ndi nkhani zimene ankafuna kudziwa mathero ake, pamene Chichewa amachimva pokhapokha akamakalipiridwa kapena akamatumidwa. Ndinafuna kutsutsa, koma nditawerenga mumtima mawu Achichewa amene ndinamulankhula mwezi umenewo, ndinapeza "tseka chitseko", "tsuka mbale" ndi "wamva?" Nthano za kalulu zimene agogo anga ankatisimbira pamoto sindinamusimbirepo ngakhale imodzi.

Nkhani ya sukulu sinathe mokomera aliyense. Titakangana miyezi ingapo, anasankha masamu, kompyuta ndi zojambula. Mayi ake mpaka lero amati udokotala unatayika pa ExCeL, ndipo nanenso masiku ena ndimadzuka ndi nkhawa yomweyo. Amayi a kumpingo aja ena anasiya kutifunsa, ena amatipemphererabe.

Chithunzi cha tsikulo tinatumiza kumudzi. Lamlungu lotsatira agogo ake anaimba foni, ndipo mwana wanga anaitenga yekha, n'kuyamba kulimbana ndi Chichewa chake chothyokathyoka, kupempha kuti wina akamabwera kuno amupatsire zitenje ziwiri, chobiriwira ndi chakuda. Agogo anavomera, nati chitenje chija achizindikira ndipo chamukhala bwino. Chimene sanamvetse ndi chakuti mwana wabwinobwino, wakudya mokwanira, akulumiranji nsungwi.